Dzina lolembedwa pakhadi la wodwala misala: apeza nthenda kapena angotchula zomwe aona?

Celestino (mphunzitsi, Ulongwe)
Abale anga, mwaswera bwanji. Nkhani ndabweretsa leroyi ikhoza kundidanitsa ndi anzathu a zaumoyo amene ali pagulu pano, koma mundipirire mpaka ndimalize.

Munthu thupi likamaphwanya amapita kuchipatala, amamubaya chala, mizere iwiri ikaoneka pakachipangizo kaja timadziwa kuti ndi malungo. Wachifuwa chachikulu amapereka makhololo. Washuga amamuyeza, nambala imatuluka, aliyense amaiona. Nanga amene timati wazungulira mutu amamuyeza ndi chiyani? Palibe magazi oonetsa esquizofrenia, nthenda ija ya kumva mawu ndi kukhulupirira zinthu zomwe palibe. Palibe chithunzi cha ubongo chomwe dokotala angaloze n'kunena kuti depressão yanu, kukhumudwa kwakukulu kuja, ndi iyi apa. Amafunsa wodwala, amafunsa achibale, zomwe amvazo amaziyerekeza ndi mndandanda wa m'buku, basi dzina pakhadi.

Mabuku ake ndi awiri. Lina ndi DSM, la bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America. Linayamba kutuluka mu 1952 lili ndi mayina a matenda ongopitirira pang'ono 100, koma pofika 1994 anali atayandikira 300. Linalo ndi ICD la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Mayinawa amalowa ndi kutuluka makomiti akagwirizana. Mu 1973 akuluakulu a bungwe la ku America lija anavota n'kuchotsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha pamndandanda wa matenda. Kaya nkhani imeneyo mumaiona bwanji, si imene ndadzera. Yanga ndi yakuti malungo sanalowepo kapena kutuluka m'buku ndi voti. Ngakhale Thomas Insel, yemwe ankatsogolera bungwe la boma la America lofufuza za matendawa, analemba mu 2013 kuti mayina a mu DSM anachokera pa kugwirizana kwa akatswiri pa zizindikiro, osati pa zoyeza za mu labotale.

Ndiye tamvani mmene zimazungulirira. Mwana wanga akumva mawu chifukwa chiyani, adokotala? Chifukwa ali ndi esquizofrenia. Mwadziwa bwanji kuti ali nayo? Chifukwa akumva mawu. Banja limabwerera kunyumba likuyesa kuti gwero lapezeka, pamene langopatsidwa dzina la zomwe linaona kale ndi maso ake.

Armando (Moatize)
Aphunzitsi mwayamba msanga lero. Dikirani mayi Felizarda atuluke kuntchito, muona.

Nabanda
Ine ndangomva zoti misala kulibe. Ndi zomwe mukunena? Bwerani pamsika wa Domwe ndikuonetseni.

Celestino
Ayi a Nabanda, sindinanene choncho. Kuvutika kulipo, anthu akuzunzika ndithu. Ndikufunsa ngati dzina lija limafotokoza kanthu, ndiponso zomwe limatseka likangolembedwa.

Felizarda (tekiniko wa psiquiatria, wazaumoyo woona odwala matenda a maganizo)
Ndafika. Aphunzitsi, zoti palibe magazi oyeza ndi zoona, ndipo tinaphunzira zimenezo kusukulu, sizobisika. Koma si ife tokha. Mutu waching'alang'ala mumauyeza ndi magazi ati? Khunyu kuno timaidziwa makamaka pomva kwa amene anaona munthu akugwa. Kusowa kwa choyezera sikuti matenda palibe.

Ndikanakonda mudzakhale nane tsiku limodzi usiku, pamene ngolo ikufika ndi mnyamata womangidwa manja ndi malegeni mpaka zala kutupa, masiku angapo osagona, atathamangitsa amayi ake ndi chikwanje poganiza kuti ndi mfiti yasanduka. Pamenepo palibe nthawi yotsutsana za komiti ya ku America. Ndimafuna kudziwa kuti zoterezi zimakonda kuyenda bwanji, mankhwala ati amathandiza ambiri, ndi ati angamuvulaze. Dzinalo limandipatsa zimenezo. Ndipo ndisanalembe dzina lililonse ndimayamba ndayeza malungo, HIV, kutentha thupi, kuuma khosi, ndi kufunsa za kachasu ndi chamba, chifukwa zonsezi zimabwebwetsa munthu.

Nachisale (Domwe)
Mayi Felizarda, mwina inuyo mumatero. Ndiloleni ndinene za achimwene anga.

Ankalima fodya wa kontrakiti. Feteleza ndi mbewu anatenga pangongole monga aliyense. Matalala anagwa fodya ali pafupi kuthyoledwa, masamba onse anabooka. Zomwe anagulitsa sizinakwane n'kubweza ngongole komwe. Anali pachikamwini, ndiye apongozi anayamba mawu, mpaka anawalongedzera katundu n'kuwabweza kwathu, ana n'kutsala kwa mayi awo. Atafika anasiya kugona. Usiku wonse ankakhala pakhonde akuwerengetsera mabelo, akutsutsana ndi munthu yemwe panalibe. Tsiku lina anayamba ulendo wapansi akuti akupita kukatenga ana pakati pa usiku, ndi pomwe tinawagwira n'kupita nawo kuchipatala, sinditchula kuti chiti.

Pamzere panali anthu ambiri. Titalowa anafunsa mafunso ochepa m'Chipwitikizi, ine n'kumamasulira. Akumva mawu? Eya. Akugona? Ayi. Amasuta chamba? Ayi. Kubanja kulipo wina anadwalapo chotere? Za fodya palibe anafunsa. Nditayamba kufotokoza za ngongole, cholembera chinali kale pakhadi. Jakisoni, mapiritsi, mubwere mwezi wamawa.

Lero mawu aja anasiya, sindikana. Koma muwaone. Amayenda manja osagwedezeka, khosi lili gwa, malovu akutuluka osadziwa. Kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri koma imatayikirabe pa thalauza. Khasu amalinyamula dzuwa litakwera kale chifukwa cha tulo. Ana a pamudzi amatsanzira mayendedwe awo kumbuyo. Khadi lija amalisunga m'jumbo ya shuga pansi pa mphasa, ndipo munthu akawafunsa vuto lawo amangolitulutsa, salankhulanso za ana awo.

Nabanda
Pepani a Nachisale. Zomvetsa chisoni.

Felizarda
A Nachisale, zomwe mwafotokozazo si matenda akukula ayi, ndi mankhwala. Haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine amaumitsa thupi choncho mlingo ukachuluka. Musadikire tsiku lolembedwa. Bwererani nawo, mukanene zonsezi mmodzimmodzi: kunjenjemera, malovu, kuuma, tulo. Mlingo umatha kutsitsidwa, mankhwala amatha kusinthidwa, ndipo alipo ena ofewetsa thupi, ambiri amawadziwa kuti Artane. Chokhacho ndikupempha, musawasiyitse nokha mwadzidzidzi. Ndi pomwe anthu amabwerera moipa kuposa poyamba.

Celestino
Malangizo abwino amenewo, ndipo a Nachisale awatsate. Koma mayi, mwaona kuti mwayankha za mlingo basi? Munthu waluza fodya, banja, ana ndi ulemu m'nyengo imodzi. Chipatala chamuuza kuti vuto lili m'mutu mwake. Ngongole ikadali pomwepo, koma tsopano palibe akuiwerengera ngati mbali ya nkhani.

Felizarda
Ndiye ndimulembere risiti yobweza ngongole? Alimi angati a ku Angonia ndi Macanga anaonongekeredwa ndi matalala omwewo? Onse anayamba kumva mawu? Chilipo china mwa munthu chomwe chimachititsa kuti uyu athyoke, mnzake ayi. Matendawa amayenda m'mabanja, zimenezo zinafufuzidwa kwambiri.

Celestino
Amayenda m'mabanja, inde. Umphawi nawo umayenda m'mabanja, nkhanza za pakhomo nazonso. Sindikukana kuti thupi lili ndi mbali yake. Ndikukana zoti mbali yakeyo ndiyo nkhani yonse.

Madala Jere (Tsangano)
Ana inu, ndimvereni nanenso. Ife tinathawira ku Malawi nkhondo itafika poipa, chaka cha 1986. Cha m'ma 1990 kunabuka nthenda pakati pa othawa. Khungu la pakhosi ndi pamikono, pomwe pamaomba dzuwa, linkada n'kumasupuka. Kutsekula m'mimba osaleka. Ena mutu unkasokonekera, kulankhula zosamveka, kuiwala ana awo. Anthu ankati misala, ena ankati talodzedwa ndi eni dziko. Mayi wina woyandikana nafe anamumangirira pamtengo. Pamapeto pake anatiuza kuti ndi chakudya. Mtedza womwe tinkalandira unasiya kubwera, tinatsala ndi ufa wokhawokha. Atagawa timapiritsi ta mavitamini ndipo mtedza utabweranso, mayi uja anachira n'kumakatunga madzi ngati kale.

Felizarda
Imeneyo ndi pellagra, madala, kusowa kwa vitamini wotchedwa niacin m'thupi. Mu 1990 anthu oposa 18,000 anadwala pakati pa othawa kwathu kuno ali ku Malawi. Aphunzitsi mwamva? Anaipeza ndi madokotala, osati komiti ya pamudzi.

Celestino
Ndamva bwino, ndipo madala andithandiza ine. Gwero linapezeka chifukwa wina anafunsa kuti anthuwa akudya chiyani. Akanangolemba "psicose", kutanthauza misala, n'kubaya jakisoni, mayi uja akanakhala chete pamtengo paja mpaka kufa. Ndipo taonani: gwero likangopezeka, nthendayo imachoka m'manja mwa a misala. Chindoko cholowa mu ubongo chinadzaza zipatala za amisala ku Ulaya kale, penicillin atabwera chinasanduka nthenda wamba yochiritsika. Zambiri zotsala m'buku lija ndi zomwe gwero lake silinadziwike.

Armando
Apa ndiikepo ya Chitima. January 2015, anthu 75 anafa atamwa pombe pamaliro. Dziko lonse linkati ndulu ya ng'ona, mpaka munthu anamangidwa. Labotale ndi imene inadzapeza kuti inali poizoni ya tizilombo tomwe tinamera mu ufa wachimanga womwe anaphikira mowawo. Ine chiyambire pamenepo sindinyoza sayansi. Tikasiya chipatala timabwerera ku ndulu ya ng'ona.

Celestino
Achimwene Armando, ku Chitima anatenga mowa n'kukauyeza, chinthu chinapezeka. Ndi sayansi imeneyo yomwe ndikuifuna. Ndikudandaula za malo omwe chovala choyera n'chomwecho, chidindo n'chomwecho, koma choyezedwa palibe.

Chitsanzo china. Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti kukhumudwa kwakukulu kumabwera chifukwa cha kuchepa kwa mankhwala ena achilengedwe otchedwa serotonin mu ubongo, ndipo mapiritsi amabwezeretsa. Mu 2022 Joanna Moncrieff wa ku London ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri n'kupeza kuti umboni wokhazikika wa zimenezo palibe. Madokotala ena anayankha kuti iwo anasiya kalekale kukhulupirira zimenezo. Nanga odwala anawauza liti?

Felizarda
Pepala limenelo linatsutsidwanso ndi akatswiri ena, muzinena zonse. Ndipo silinafufuze ngati mankhwala amathandiza kapena ayi, limenelo ndi funso lina. Panado timamwa tonse, koma mmene amagwirira ntchito mpaka lero akatswiri sanamvane bwinobwino.

Koma chomwe chimandipweteka ndi ichi. Madandaulo mukuwerengawa akuchokera kumaiko komwe mapiritsi achuluka, komwe mwana wosakhazikika m'kalasi amalemberedwa mankhwala. Kuno vuto ndi lina. Dziko lonse la Mozambique zipatala zapadera za matendawa ndi ziwiri, Infulene ku Maputo ndi china ku Nampula. Madokotala akuluakulu a misala ndi owerengeka, ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. N'chifukwa chake kuyambira 1996 boma linayamba kudalira ife matekiniko kuti tifike m'maboma. Mankhwala ndi akale omwewo, chlorpromazine wa m'ma 1950, haloperidol, amitriptyline, ndipo mwezi wina amatha. Munthu wa ku Chifunde kapena kuseri kwa Furancungo amagulitsa mbuzi kuti apeze ya minibasi. Ena amawolokera ku Dedza, ena mpaka ku Zomba. Mukamalalikira pano kuti mayina athu ndi ongopeka, amene akumvani si dokotala wa ku America. Ndi bambo wa kumudzi yemwe anali kale ndi maganizo osiyitsa mwana wake mankhwala.

Zeca
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine mmodzi wa anthu mukuwakambawa, ndimamwa mankhwala, ena pano mukundidziwa.

Aphunzitsi, mankhwala musawanyoze. Ndisanayambe kumwa ndinkamva wailesi ya oyandikana nawo ikunditchula dzina. Ndinkagona kumunda kuopa anthu omwe ndinkakhulupirira kuti akundisaka. Mantha amenewo sindingawafunire ngakhale mdani wanga. Lero ndimagona, ndimagulitsa mbatata ya kachewere, ndimadzidyetsa.

Koma mayi Felizarda, khadi lanu lija ndi lolemera kuposa mmene mumadziwira. Wogula wina anandibera pasikelo, thumba lonse akuliwerengera pansi. Nditakweza mawu, anthu sanayang'ane sikelo. Anayang'ana ine, wina n'kunena kuti "wayamba, lero sanamwe." Ndikaseka kwambiri akuti zayambanso. Ndikakhala chete akuti zikubwera. Pamsonkhano wa banja wogawana munda wa malemu bambo, malume ananena pamaso panga kuti maganizo anga asawerengedwe. Ukwati unatha pa ankhoswe, atangomva dzina la matenda. Ndipo tsiku lomwe anandilembera dzinalo anandiuza kuti ndi zamoyo wonse, osachira. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti alipo ambiri omwe amadwala kamodzi osabwerezanso, ena amachira n'kutsitsa mankhwala pang'onopang'ono mothandizidwa ndi dokotala. Bwanji sanandiuze kuti sakudziwa mmene zidzandithere?

Nabanda
Achimwene Zeca mwalankhula. Mulungu akusungeni.

Celestino
Zikomo achimwene. Za pasikelozo zandikumbutsa David Rosenhan, yemwe mu 1973 anafalitsa nkhani ya anthu abwinobwino 8 omwe anapita kuzipatala za amisala ku America n'kunama kuti akumva mawu. Onse anagonekedwa, ndipo atalowa, ngakhale kulemba kwawo m'kope kunkaonedwa ngati chizindikiro cha matenda. Ndinene mosabisa kuti mu 2019 mtolankhani Susannah Cahalan anaonetsa kuti zambiri m'nkhaniyo n'zokayikitsa, ndiye sindiidalira ngati umboni. Umboni ndi inuyo.

Felizarda
Achimwene Zeca, amene anakuuzani kuti simudzachira analankhula zomwe sakanatha kudziwa. Ena amachira ndithu, ena amabwerezabwereza, ndipo tsiku loyamba palibe angalose. Koma kusalidwa sikunabwere ndi khadi. Agogo athu ankaika amisala m'goli chipatala chisanafike.

Zeca
Zoona mayi. Koma kale munthu akachira ankati wachira. Khadi silinena kuti wachira.

M'busa Phiri (Zobwe)
Ine ndimaona kuti chipatala chimaiwala mzimu wa munthu. Ambiri amabwera kwa ife atatopa ndi mapiritsi, timapemphera nawo, amapeza mtendere.

Gift
Ndipo asing'anga athu amadziwa zambiri. Atsibweni anga ndi a AMETRAMO, bungwe la asing'anga muno mu Mozambique, ali ndi chiphaso. Odwala mashawe amawavinira usiku wonse, m'mawa munthu ali bwino. Azungu anabwera kudzatisokoneza basi.

Felizarda
Abusa, pempherani nawo, sindiletsa, bola musawauze kuti kumwa mankhwala n'kusakhulupirira. Achimwene Gift, ndakhala ndikulandira anthu ochokera kwa asing'anga ndi kumapemphero ali ndi zilonda za unyolo m'miyendo, ena atasalitsidwa kudya mpaka kufooka. Lipoti la Human Rights Watch la 2020 la anthu omangidwa maunyolo chifukwa cha matenda a maganizo linatchula maiko 60, ndipo Mozambique ilimo.

Nditchulenso khunyu, poti kuno ku Angonia ndi yambiri. Anthu amati ndi ziwanda, amathawa munthu akagwa kuopa malovu ake, mpaka amapsa pamoto. Kafukufuku wochitika m'boma lino lomwe anaonetsa kuti ena mwa odwala khunyu ali ndi timatumba ta nyongolotsi ya nkhumba mu ubongo. Munthu amadya nyama ya masese yosapsa, nyongolotsi imakula m'mimba mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, wina akawameza kudzera m'manja kapena m'chakudya amakafika mpaka kumutu. Zimenezo palibe ng'oma ingazichotse. Zimafuna zimbudzi, makola a nkhumba ndi mankhwala.

Celestino
Apa ndili mbali ya mayi Felizarda, achimwene Gift musandiwerengere kwanu. Wa ula nayenso amapereka dzina popanda choyezera, ndipo lake ndi loopsa kwambiri chifukwa limaloza munthu wina. Akanena kuti "walodzedwa ndi azakhali ake," mawa gogo wosalakwa akugendedwa. Chipatala chimati vuto lili mu ubongo wako, ula umati lili mwa m'bale wako. Onse awiri amathamangira kuyankha asanamve nkhani yonse.

Ndipo zoti azungu anatisokoneza, tiyeni tizinene molondola. Mu 1851 dokotala wina ku America, Samuel Cartwright, analemba kuti akapolo othawa kwa ambuye awo ali ndi matenda a maganizo. Ku Kenya, J. C. Carothers, yemwe anayang'anirapo chipatala cha amisala cha Mathari, analembera boma la atsamunda lipoti mu 1954 lofotokoza Mau Mau, gulu lomwe linaukira atsamundawo, ngati vuto la maganizo a Akikuyu, osati nkhani ya malo omwe analandidwa. Phunziro lake si loti tithawe chipatala. Ndi loti amene ali ndi cholembera amatha kusandutsa dandaulo la munthu kukhala nthenda yake.

Armando
Apo ndiye mwandigwira. Pitani ku Cateme, komwe anasamutsira anthu cha m'ma 2009 ndi 2010 kuti migodi ya malasha itseguke, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Muli madala omwe ankaumba njerwa ndi kulima m'mbali mwa mtsinje, lero amangokhala, tulo osabwera, chakudya osachifuna. Mukawapititsa kuchipatala dzina lipezeka. Koma aliyense pamudzipo akudziwa chomwe chinawadwalitsa.

Felizarda
Ndipo mmodzi wa madala amenewo akayamba kulankhula zodzipha, achimwene Armando, mubwere naye tsiku lomwelo, musadikire kuti malo abwezedwe. Kudziwa chifukwa sikuchotsa ngozi.

Madala Jere
Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera. Anyamata omwe anali kutchire, ena atagwidwa ali ana, anabweranso. Panalibe dokotala wowafunsa mafunso. Kwathu mnyamata sankalowa m'nyumba tsiku lofika. Zovala za kunkhondo zinkatenthedwa, ankamusambitsa mankhwala kumtsinje, akuluakulu n'kuuza makolo akale kuti mwana wabwera. Zikatha ankadya ndi anthu, ndipo palibe ankaloledwa kumutchulanso zakale. Ambiri anakwatira, analima, lero ndi agogo.

Nabanda
Madala, ambiri koma osati onse. Malemu amuna a achemwali anga anasambitsidwa chimodzimodzi. Ankakuwa usiku mpaka imfa yawo, ndipo achemwali ndi amene ankalandira zibakera. Mudzi unkati zinatha, ndiye analibe kokadandaula.

Madala Jere
Zimenezonso zinalipo, mayi. Sinditsutsa.

Celestino
Njira zapakati zilipo, ndipo zina zinayambira mu Africa momwe muno. Ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo anayamba mu 1954 ku Aro kugoneka odwala m'midzi yozungulira chipatala, aliyense ndi wachibale wake, akulandira mankhwala masana, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi asing'anga. Ku Zimbabwe, pafupi pomwepa, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala, munthu amafotokoza mavuto ake, amasankha limodzi loti ayambe nalo, n'kupangana chochita. Kafukufuku wawo wa 2016 anaonetsa kuti omwe anakhala pabenchi anapeza bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Onse awiriwa ndi madokotala a misala, sanataye mankhwala. Anangokana kuti dzina likhale mapeto a kufunsa.

Felizarda
Benchi ndimaifuna, mundipezere agogo ndi wowalipira. Koma dziwani kuti imathandiza a nkhawa ndi okhumudwa, si ya mnyamata wa chikwanje uja.

Ndikuuzeninso chomwe simuona muli panja. Kumapeto kwa mwezi ndimatumiza lipoti. Ngati m'kaundula mulibe mayina a matenda, kumtunda amaona ngati kuno kulibe odwala, ndipo mankhwala sabwera. M'fomu mulibe malo olemba kuti "ngongole ya fodya" kapena "analandidwa ana." Pakhomo pali anthu odikira mpaka pakhonde, tekiniko ndi mmodzi, yemweyo ayendenso m'zipatala zing'onozing'ono. Mnzanga yemwe anaona achimwene a Nachisale sindikumuikira kumbuyo, anayenera kumvetsera. Koma ndikudziwa mzere womwe unali kumbuyo kwawo.

Celestino
Ndiye kuti dzinalo likutumikira fomu kuposa wodwala.

Felizarda
Likutumikira wodwala wa mwezi wamawa, yemwe apeze mankhwala pashelefu. Musandiikire mawu m'kamwa, aphunzitsi.

Zeca
Lembani m'kaundula mwanu zomwe akufuna kumtundako, mayi. Koma pouza munthu ndi abale ake, muziwauza kuti dzinali ndi la zomwe mwaona lero, likhoza kusintha. Malume anga akanamva zimenezo kuchokera kwa inu, bwenzi nkhani ya munda itayenda mwina.

Felizarda
Zimenezo ndingathe, ndipo ndikazinena pamsonkhano wathu wa matekiniko. Koma kwa ena ndidzanenabe kuti mankhwala ndi a nthawi yaitali, chifukwa ndaona obwerera kachitatu, kachinayi, ulendo uliwonse atataya china.

Nachisale
Ndamva zonse. Tipita nawo Lolemba. Mayi Felizarda, ndikanene chiyani kuti asangotibaya jakisoni wina n'kutibweza?

Felizarda
Tengani khadi ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale opanda kanthu. Achimwenewo alankhule okha poyamba, inu muwonjezere. Mukanene kuti kuuma ndi malovu zinayamba atayamba mankhwala, ndipo zikuwalepheretsa kulima. Mukafunse ngati mlingo ungatsike, ndiponso ngati dzina linalembedwa lija likuyenera kuonedwanso, poti anadwala kamodzi kokha pambuyo pa mavuto aakulu. Nkhani ya fodya ndi ana muyambe nayo, musaisiye kumapeto. Ngati jakisoni wa mweziwu sanabayidwe, akaone kaye thupi lawo asanabaye.

Nachisale
Zikomo mayi. Nanga za anawo ndi ngongole, ndani angatiperekeze? Ife tokha kwa apongozi aja satilandira.

Madala Jere
Za ana yambani ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akakanika mupite kwa nyakwawa. Bambo saletsedwa kuona ana ake chifukwa anadwala. Za ngongole funsani wapampando wa kalabu yomwe ankagulitsira fodya, ndi amene amadziwa ngati za matalala zinalembedwa chaka chimenecho.

M'busa Phiri
Ngati apongoziwo ali mumpingo uliwonse ku Domwe, nditumizireni kumbali dzina la mpingowo, a Nachisale. Ndikalankhula ndi mnzanga wa kumeneko kuti akakhale nawo pokambirana.